Mafunso a Owerenga: Makhadi Apakatikati Munthu Ali pa Blind

Makalata a mwezi uno akukhudza masewera a poker otchedwa Texas Hold'em, makamaka mipando iwiri ya kumanzere kwa button (mpando wa wogawa makhadi), imene wokhalapo amakakamizidwa kuponya ndalama pakati asanaone khadi ngakhale limodzi. Woyamba amaponya small blind, wachiwiri amaponya big blind, imene kawirikawiri imakhala kuwirikiza kawiri yoyambayo. M'mayankho onse tiwerengera ngati small blind ndi K500 ndipo big blind ndi K1,000, kuti masamu aoneke bwino.

FUNSO: Akonzi, ndimasewera ndi anzanga kumapeto kwa sabata, ndipo ndaona kuti ndalama zanga zambiri zimathera pa big blind. Munthu akakweza ine ndili ndi makhadi monga K-9, Q-7 kapena 8-6, ndimalipira chifukwa ndimakhala nditaponya kale ndalama pakati, ndipo kuzisiya kumandiwawa. Mnzanga wina akuti makhadi otere ndiziwataya nthawi zonse. Kodi wolondola ndani? Ndine bambo wa ku Lilongwe.

YANKHO: Bambo, kulipira kwanu nthawi zambiri sikolakwika, koma chifukwa chimene mumalipirira ndicho cholakwika, ndipo munthu amene amachita choyenera pa chifukwa cholakwika amapitiriza kuchichita ngakhale pamene sichikuyeneranso. K1,000 imene mwaponya ija si yanunso. Madzi akatayika saoleka, ndipo ndalamayo tsopano ndi ya aliyense amene apambane gemuyo. Funso lokhalo loyenera kudzifunsa ndi lakuti ndalama zimene mukufunika kuwonjezera panopa zikugulirani mwayi wopata zingati.

Tinene kuti onse ataya makhadi, wa pa button wakweza kufika K2,500, wa pa small blind wataya. Pakati pali K4,000, ndipo inu muyenera kuwonjezera K1,500 yokha kuti muone flop, makhadi atatu oyamba mwa asanu amene amatembenuzidwa pakati kuti onse awagwiritse ntchito. Mukalipira, pakati pakhala K5,500, ndipo K1,500 yanu ndi 27 peresenti ya ndalama zimenezo. Tanthauzo lake n'lakuti ngati mungamatenge zoposa 27 peresenti ya ndalama zapakati pa magemu ambiri otere, kulipira kukuposa kutaya. Umenewu ndi mtengo wotsika kwambiri, ndipo palibe mpando wina pa tebulo umene umaona flop motchipa chotere. Apa ndi pamene mnzanu uja walakwitsa. Wa pa button akuika K2,500 pangozi kuti atenge K1,500 ya ma blind awiri, choncho ngati nonse awiri mumataya makhadi koposa 62.5 peresenti ya nthawi, iye amapindula ngakhale atakweza ndi makhadi alionse osawayang'ana n'komwe. Munthu amene amataya makhadi onse apakatikati amakhala akudyetsa wa pa button usiku wonse.

Koma mtengo umenewu umasintha msanga wokwezayo akasintha kukula kwa beti yake, ndipo anthu ambiri salabadira zimenezi. Akakweza kufika K3,000, mukulipira K2,000 kuti pakati pakhale K6,500, ndiye mukufunika pafupifupi 31 peresenti. Akakweza kufika K4,000, monga amachitira anthu ambiri m'magemu a panyumba, mukufunika 35 peresenti. Makhadi a 8-6 amene anali oyenera kulipirira pa K2,500 akhoza kukhala oyenera kutayidwa pa K4,000, ngakhale kuti m'manja mwanu simunasinthe kanthu.

Tsopano tifike pa chimene ndikukhulupirira kuti chikukudyerani ndalama. Maperesenti amene makompyuta amapereka, onena kuti makhadi akuti amapambana kangati akakumana ndi makhadi akuti, amawerengedwa ngati kuti makhadi onse asanu a pakati atembenuzidwa popanda wina kubetchanso. Pa tebulo sizikhala choncho. Flop ikabwera, inu ndinu woyamba kulankhula, chimodzimodzinso pa turn (khadi lachinayi) ndi pa river (khadi lachisanu), ndipo mnzanuyo amasankha chochita ataona kale zimene mwachita. Munthu wokhala ndi makhadi awiri osiyana amapeza peya (makhadi awiri ofanana nambala) pa flop pafupifupi 32 peresenti ya nthawi, kutanthauza kuti kawiri pa katatu kalikonse flop imakudutsani. Mukapanda kubetcha iye n'kubetcha, mumataya makhadi amene mwina akanapambana pa river. Mukapeza peya yaing'ono, mumalipira mosadziwa ngati muli patsogolo kapena ayi. Mukapeza makhadi amphamvu, kumakhala kovuta kumulipiritsa zambiri chifukwa iye akhoza kungodutsa osabetcha n'kuona khadi lotsatira mwaulere. Zonsezi zimachititsa kuti gawo limene mumatengadi likhale lochepa kuyerekeza ndi limene lili pa pepala. Mwachitsanzo, makhadi amene pa pepala ali ndi 35 peresenti, ngati mukukolola magawo 7 okha pa magawo 10 a mwayi umenewo, mukutenga 24.5 peresenti, ndipo mwagwa pansi pa 27 ija. Makhadi ena okhala ndi 35 peresenti yomweyo, koma okolola magawo 9 pa 10, akukupatsani 31.5 peresenti, ndipo kulipira kuli ndi phindu.

N'chifukwa chake makhadi atatu amene mwatchula aja sindingawaike m'gulu limodzi. Makhadi oyandikana ndiponso a mtundu umodzi, monga 8-6 onse a hearts, amapeza njira zambiri zopitirizira gemu: flop imawapatsa makhadi anayi mwa asanu a mtundu umodzi amene amapanga flush pafupifupi 11 peresenti ya nthawi, ndipo zikatero flush imakwanira pofika pa river pafupifupi 35 peresenti ya nthawi, kuwonjezera pa njira za straight (makhadi asanu otsatizana). Ndi makhadi otere mukhoza kulipira beti, mukhoza kukweza moopseza, ndipo mukapambana nthawi zambiri mumapambana zambiri chifukwa mnzanu saziona zikubwera. Q-7 ya mitundu yosiyana ilibe zonsezi. Ikaphonya flop yatha, ndipo ikapeza Q imakhala ndi khadi lachiwiri lofooka limene limagonja kwa A-Q, K-Q, Q-J ndi Q-10, omwe ndi makhadi amene anthu amakweza nawo tsiku ndi tsiku.

K-9 ndiye imadalira kwambiri kuti wakweza ndani. Wosewera wodziwa akakhala woyamba kulankhula pa tebulo la anthu 9 amakweza ndi makhadi ochepa kwambiri, pafupifupi limodzi mwa magawo 10 a makhadi onse, ndipo m'gulu limenelo mwadzaza A-K, K-Q ndi mapeya aakulu. K-9 ikakumana ndi K-Q imapambana pafupifupi kamodzi pa kanayi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti K ikatuluka pa flop ndi pamene mumaluza zochuluka, chifukwa mumaganiza kuti mwapeza. Wosewera yemweyo akakhala pa button amakweza ndi makhadi oposa magawo 4 pa 10, kuphatikizapo K-5, 9-7 ndi J-8, ndipo pamenepo K-9 yanu ndiyo imapondereza anzake. Choncho K-9 ya mitundu yosiyana itayeni akakweza wa kumayambiriro, koma ilipirireni akakweza wa pa button.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangosewera makhadi a mtundu umodzi ndi mapeya okha. Mu paketi ya makhadi 52 muli njira 1,326 zolandirira makhadi awiri. Mwa zimenezi, 78 ndi mapeya, 312 ndi makhadi a mtundu umodzi, ndipo 936 ndi a mitundu yosiyana. Mapeya onse ndi makhadi onse a mtundu umodzi akaphatikizidwa sakufika ngakhale 30 peresenti, choncho kuti wa pa button asamakuberani mwaulere, muyenera kuwonjezerapo ena a mitundu yosiyana, makamaka okhala ndi A, okhala ndi makhadi awiri aakulu, ndi oyandikana monga 10-9 ndi 9-8. Koma chiwerengero cha 936 chija chikusonyezanso kumene chizolowezi chanu chimakupwetekerani, pakuti munthu amene amalipirira chilichonse amakhala akusewera makamaka makhadi a mitundu yosiyana, amene ambiri mwa iwo ndi onga J-4 ndi 9-3.

Chomaliza chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti kuona ndalama zikuchepa pa big blind si chizindikiro choti mukusewera molakwika. Ngakhale akatswiri amene amadya za poker amaluza pa mpando umenewu akawerengera magemu ambiri, ndipo phindu lawo amalipeza pa button ndi mipando yoyandikana nayo. Mukataya makhadi mumaluza K1,000 yathunthu nthawi iliyonse. Ngati kulipira ndi makhadi ena ake kumakuluzitsani K700 pa gemu mukawerengera magemu ambiri, ndiye kuti mwapulumutsa K300, ngakhale kuti m'thumba mukuona kuchepa.

FUNSO: Zikomo chifukwa cha tsamba lino. Ine vuto langa lili pa small blind. Popeza ndaponya kale theka, ndimaona kuti nanenso ndili ndi mtengo wotsika, koma ndikalipira, wa pa big blind amakonda kukwezanso ndipo ndimakakamizika kutaya. Kodi ndizitani ndi makhadi monga A-5 ya mtundu umodzi, J-9 kapena 4-4? Ndine mayi wa ku Blantyre.

YANKHO: Mayi, small blind ndi mpando woipa kuposa yonse, ndipo zimene ndauza bambo a ku Lilongwe musazitengere kuno. Wa pa button akakweza kufika K2,500, inu mukuwonjezera K2,000, osati K1,500, ndipo ngakhale wa pa big blind atataya, pakati pakhala K6,000, ndiye mukufunika 33 peresenti. Kuwonjezera apo, simuli womaliza kulankhula. Wa pa big blind akalipira amatseka zokambirana ndipo amaona flop mosakayika, pamene inu mukalipira pamatsalabe munthu kumbuyo kwanu. Munthu ameneyo, ngati ali wochenjera, amadziwa kuti mukanakhala ndi A-A kapena K-K mukanakwezanso, choncho kulipira kwanu kumamuuza kuti makhadi anu ndi apakatikati, ndipo amakufinyani pakati pa iye ndi wa pa button. Zimene zikukuchitikiranizo si tsoka ayi, akukuwerengani.

Pa chifukwa chimenechi, osewera ambiri amphamvu akakhala pa small blind m'magemu a ndalama amasankha pakati pa zinthu ziwiri, kukwezanso kapena kutaya, ndipo kulipira chabe amakuchita mwa apo ndi apo. Kukwezanso kwake kumakhala pafupifupi kanayi beti yoyamba, kutanthauza K10,000 pa K2,500 ija, chifukwa munthu amene adzalankhule koyamba pa flop sayenera kupatsa mnzake mtengo wotsika. A-5 ya mtundu umodzi ndi yabwino kwambiri pa ntchito imeneyi. A amene muli nayeyo amachepetsa njira zimene mnzanu angakhalire ndi A-A kuchoka pa 6 kufika pa 3, ndi za A-K kuchoka pa 16 kufika pa 12, ndipo akakulipirani muli ndi njira ya flush yaikulu kuposa zonse ndi ya straight ya A-2-3-4-5. J-9 ya mtundu umodzi ikhoza kukwezanso polimbana ndi wa pa button amene amakweza pafupipafupi, koma ya mitundu yosiyana itayeni popanda chisoni.

Mapeya aang'ono monga 4-4 ndiwo amavutitsa. Phindu lawo lili pa kupeza 4 wachitatu pa flop, zimene zimachitika pafupifupi 12 peresenti ya nthawi, kapena kuti kamodzi pa maulendo 8 ndi theka. Kuti maulendo ophonya aja abwezeredwe, pafunika kuti inu ndi mnzanuyo mukhale ndi ndalama zambiri kutsogolo kwanu, ndipo ambiri amawerengera kuti zikhale zosachepera kuchulukitsa ka 15 ndalama zimene mukulipira, kutanthauza K30,000 pa K2,000. Pafunikanso kuti wa pa big blind akhale munthu wofatsa amene sakwezanso kawirikawiri. Malinga ndi kalata yanu, wanuyo si wotero, choncho 4-4 itayeni kufikira atachoka pa mpandowo kapena inu mutasintha malo.

FUNSO: Kodi anthu ambiri akalipira, si ndiye kuti ndiyenera kulowa ndi makhadi alionse popeza ndalama zapakati zachuluka? Ndine wowerenga wa ku Chipata.

YANKHO: Mtengo umatsikadi. Inu muli pa big blind, wina akakweza kufika K2,500, anthu awiri n'kulipira, wa pa small blind n'kutaya, K1,500 yanu ikugula malo pa K10,500, ndipo mukufunika 14 peresenti yokha. Koma tsopano muyenera kugonjetsa anthu atatu, ndipo pakati pa anthu atatu peya yokhala ndi khadi lachiwiri lofooka sipambana kawirikawiri, komanso kuopseza sikugwira ntchito chifukwa wina amakhala atapeza kanthu. Pamenepa onjezerani makhadi amene angapange straight, flush kapena makhadi atatu ofanana, ndipo chepetsani onga K-6 ndi Q-5 a mitundu yosiyana. Samalaninso ndi flush yaing'ono, chifukwa anthu akachuluka mwayi woti wina ali ndi yaikulu ya mtundu womwewo umakula.

FUNSO: Ndimasewera mipikisano ya pa intaneti, ndipo ndimaona akatswiri akulipira pa big blind ndi makhadi amene ine ndingawataye osaganizira kawiri. Ndinawerenganso kuti Doyle Brunson anapambana mpikisano waukulu kawiri ndi 10-2. Kodi zimenezi sizikusonyeza kuti makhadi alionse akhoza kuseweredwa? Ndine mnyamata wa ku Johannesburg.

YANKHO: Achimwene, nkhani ya Brunson ndi yoona. Anapambana Main Event ya World Series of Poker ku Las Vegas mu 1976 ndi mu 1977, ndipo maulendo onse awiri gemu yomaliza anali ndi 10-2 n'kupanga full house (makhadi atatu ofanana ndi peya), koyamba polimbana ndi Jesse Alto, kachiwiri ndi Gary Berland. Chris Moneymaker nayenso anamaliza mpikisano wa 2003 ali ndi 5-4 polimbana ndi J-10 ya Sam Farha, n'kutenga madola 2.5 miliyoni. Koma magemu onsewa anaseweredwa patatsala anthu awiri okha pa tebulo, pamene aliyense amaponya blind pa gemu iliyonse ndipo ali ndi munthu mmodzi yekha woti amugonjetse, amenenso makhadi ake akhoza kukhala alionse. Munthu wodikira makhadi abwino pamenepo amatha ndi ma blind okha. Zimenezo n'zosiyana kotheratu ndi kulipira ndi 10-2 pamene wakweza ndi munthu woyamba kulankhula pa tebulo lodzaza.

Zimene mumaona akatswiri akuchita zili ndi chifukwa china, chomwe ndi ante, ndalama yowonjezera imene imaponyedwa pakati makhadi asanagawidwe. M'mipikisano yambiri masiku ano wa pa big blind amaponyanso ante yofanana ndi big blind m'malo mwa tebulo lonse, njira imene World Series of Poker inayamba kuigwiritsa ntchito pa mipikisano yake yonse ya no-limit hold'em mu 2019. Komanso m'mipikisano anthu amakonda kukweza pang'ono, kungowirikiza kawiri big blind. Tiwerengere: wokweza waika 2,000, small blind 500, big blind 1,000, ante 1,000, zonse pamodzi 4,500. Inu mukuwonjezera 1,000 yokha kuti pakati pakhale 5,500, ndiye mukufunika 18 peresenti. Kuti muone kutsika kwa mtengo umenewu, 7-2 ya mitundu yosiyana, imene anthu amaiyesa yoipitsitsa, imapambana pafupifupi 12 peresenti ikakumana ndi A-A, ndi pafupifupi 35 peresenti ikakumana ndi makhadi osankhidwa mwachisawawa. Sindikunena kuti muziisewera, koma pa mtengo wotere pafupifupi makhadi onse a mtundu umodzi ndi ambiri a mitundu yosiyana amakhala oyenera kulipirira wa pa button akakweza. Palinso mfundo yakuti ma chips anu (timakobidi tobetchera) akakhala ochepa, kuipa kolankhula koyamba kumachepa, chifukwa mukapeza peya mumangoponya onse pa flop ndipo palibenso amene angakuthamangitseni pa turn kapena pa river.

Pali nthawi imodzi imene masamuwa amafunika kuwabweza m'mbuyo. Mpikisano ukatsala pang'ono kufika pamene otsala onse alandira mphotho, kapena pa tebulo lomaliza pamene malo alionse ali ndi ndalama zake, chips chimene mwaluza chimakuwonongerani zambiri kuposa zimene chips chimene mwapata chimakupindulirani. Pamenepo makhadi apakatikati ambiri amene mukanalipirira kumayambiriro amayenera kutayidwa, makamaka ngati wokwezayo ali ndi ma chips okwanira kukutulutsani mu mpikisano.

FUNSO: Kumene ndimasewera, eni malo amadula kangachepe pa ndalama zapakati gemu iliyonse. Kodi zimenezi zikusintha makhadi amene ndiyenera kulipirira pa blind? Ndine bambo wa ku Lusaka.

YANKHO: Zikusintha ndithu, Bambo, ndipo zimagunda makhadi apakatikati kuposa ena onse, chifukwa phindu lawo ndi lochepa kale. Pa chitsanzo chathu choyamba chija, eni malo akadula 5 peresenti pa K5,500, wopambana akutenga K5,225, ndipo 27 peresenti ija yakwera kufika pafupifupi 29. Akadula 10 peresenti, mukufunika zoposa 30. Kusiyana kwa maperesenti awiri kapena atatu kukuoneka kochepa, koma ndi m'kampata kameneka mmene muli makhadi onga Q-8, J-7 ndi 9-6 a mitundu yosiyana, ndipo onsewa amachoka m'gulu lolipirira n'kulowa m'gulu lotaya. Funsani zinthu ziwiri kwa eni malowo: ngati pali malire a ndalama zimene amadula pa gemu imodzi, ndiponso ngati amadula gemu ikatha flop isanatembenuzidwe. Malo ambiri sadula kanthu flop isanabwere, ndipo kumene zili choncho kukwezanso kumakhala ndi phindu loposa kulipira, popeza ndalama zimene mwatenga mnzanu atataya makhadi zimabwera zathunthu. Kumene kulibe malire ndipo amadula 10 peresenti pa gemu iliyonse, ngakhale wosewera bwino kuposa onse pa tebulo akhoza kumaluza akawerengera miyezi, choncho lembani zimene mwalowa nazo ndi zimene mwatuluka nazo tsiku lililonse musanaganize zowonjezera makhadi amene mumasewera pa blind.